Kansalu pa Dzanja Lamanzere

Chaka chimenecho anandipatsa Sitandade 1, kalasi ya kumapeto kwenikweni, pafupi ndi pophikira phala. Sukulu yathu ili ku Chinsapo, ndipo ana anali ochuluka moti ndikafuna kufika kumbuyo ndinkayenda monyang'ama kuopa kuponda zala. Madesiki munalibe, makope ankakhala pamaondo. M'mawa ndisanatsegule chitseko ndinkaima kaye pakhonde n'kupempha chamumtima kuti Ambuye andibwereke maso, chifukwa anga awiriwa sakanatha kuona nkhosa zonsezo.

Lembo lililonse tinkaliphunzira mwanjira imodzi. Ndinkayamba kutchula liwu lake, iwo n'kubwereza. Kenako tinkalilemba m'malere, manja m'mwamba. Tikatero tinkatuluka kukalilemba pansi ndi chala, m'fumbi la pabwalo la mpira. Pobwerera m'kalasi ankakhala awiriawiri, wina n'kulemba lembolo pamsana pa mnzake, mnzakeyo n'kutchula chimene wamva. Gawo limeneli ndi limene ankalikonda, chifukwa ankagirigishana n'kumaseka. Pensulo inkabwera pomaliza.

Pafupi ndi khoma pankakhala mtsikana wina wochepa thupi, wometa mpala, wosalankhulalankhula. Bambo ake anali mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu komwe, mmisiri womanga nyumba, munthu amene akaimirira kupemphera ngakhale makanda ankatonthola. Ndinkawalemekeza, ndipo ndimawalemekezabe. Nthawi imene mwamuna wanga anagonekedwa m'chipatala, ndi iwo amene ankabwera kudzatipempherera, matope ali m'miyendo.

Mwanayo anali wamanzere. Ndinaona tsiku limene tinkaphunzira lembo la m. Anzake onse atakweza dzanja lamanja, iye anakweza linalo, ndipo sindinamuletse. Titatuluka panja analemba m wa miyendo itatu yofanana, yoongoka ngati mizati ya khonde. Pofika pakati pa teremu anali akulemba ma, mi, mu anzake ambiri akulimbanabe ndi a. Akamaliza ankayang'ana kwa ine mwakachetechete, ine n'kugwedeza mutu, iye n'kubisa nkhope m'maondo.

Lolemba lina anabwera dzanja lamanzere litakulungidwa ndi kansalu kong'ambidwa ku chitenje, zala zonse zili m'kati, mfundo ili pamkono.

“Wavulala?” ndinamufunsa.

“Ayi, Madamu.”

“Nanga ichi n'chiyani?”

“Ababa ati ndisamasule.”

Mnzake amene ankakhala naye pafupi, kamtsikana kakamwa kosagona, sanadikire kufunsidwa. “Amumanga, Madamu. Akuti amalembera dzanja la kuchimbudzi. Anamuona makala a pensulo posamba m'manja.”

Ana anaseka. Ndinawakhalitsa chete, koma mwanayo anali atayika kale dzanjalo pansi pa diresi.

Sabata imeneyo ndinaona ntchito ya teremu yonse ikugumuka ngati khoma la zidina nthawi ya mvula. Ndi dzanja lamanja pensulo inkamuterereka. M wake anasanduka ngati kachilombo kopondedwa. Ankafufuta ndi malovu mpaka pepala kubooka. Pofika Lachitatu anasiya kutchula maliwu pamodzi ndi anzake, ankangotsegula pakamwa osatulutsa mawu. Tikamalemba pamsana ankapereka msana wake, koma nthawi yake yolemba ikafika ankati mimba ikupweteka.

Ndinavutika mumtima. Ndinakula ndikudziwa kuti mwana amvere atate ake, ndipo ineyo ndimaphunzitsa zomwezo ku Sande sukulu. Koma Malemba omwewo ali ndi chenjezo loopsa kwa munthu wokhumudwitsa kamwana, ndipo chenjezo limenelo linkandilira m'makutu ndikamayang'ana pepala lobookalo. Ndinakauza aphunzitsi aakulu. Anandimvera akusaina makalata, n'kunena kuti, “Kholo ndi kholo, Madamu. Musatiyambitsire nkhani.”

Lachinayi, tili panja, ndinagwada pambali pake n'kumasula kansaluko. Pamkono panali mzere wolowa. Anayang'ana uku ndi uku ngati wakuba, kenako analemba m'fumbi liwu lonse lathunthu, amama, osaimitsa chala. Poweruka ndinamumanganso. Lachisanu ndinachita chimodzimodzi. Sindinaganize kuti mmisiri amadziwa mfundo yake. Iwo ankamanga mfundo ya amisiri, yokhota kawiri, ine ndinamanga ya chitenje.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, anthu akupatsana moni, ndinamva akundiitana.

“Aphunzitsi, tabwerani kuno pang'ono.”

Anali ataima pansi pa mtengo wa kesha, chipewa chili m'manja. Ndinapinda maondo n'kuwapatsa moni. Anayankha bwinobwino, anafunsanso za abambo akunyumba, kenako mawu anatsika.

“Ndani akumasula mwana wanga?”

“Ndine, Abambo.”

“Ndinadziwa. Mwana sangamange mfundo yotere ndi dzanja limodzi.” Anatembenuza chipewa chija. “Mayi, ife kwathu dzanja lamanzere lili ndi ntchito yake, ndipo mukuidziwa. Sitidyera, sitilandirira, sitipatsira moni. Mwana wamkazi akakula choncho adzapereka madzi kwa apongozi ndi dzanja limenelo, anthu n'kumati kwawo kunalibe akulu. Ndipo inu mumawerenga. Tsiku lomaliza mukudziwa mbali imene kudzaime mbuzi.”

Yankho ndinali nalo pakamwa. Malemba omwewo amasimba za ankhondo amanzere amene ankaponya mwala osaphonya, ndipo palibe pamene Mulungu anawadzudzula. Koma mayi satsutsana ndi mkulu wa mpingo pa za Malemba pabwalo la tchalitchi, amayi anzake akuyang'ana cham'mbali. Ndinangoti, “Mwanayo amalemba bwino kwambiri, Abambo.”

“Ndi dzanja liti?”

Ndinayang'ana pansi.

“Mawa ndibwera ndidzaone ndekha. Ndikapeza kuti sukulu ikundipotozera mwana, ndimuchotsa. Kwa azakhali ake ku Njewa kuli khanda lofuna womulera. Akakhale kumeneko mpaka dzanja liwongoke, sukulu adzayambiranso.”

Ndaphunzitsa zaka zokwanira kudziwa kuti mtsikana wopita kukalera khanda sabwerera ku Sitandade 1. Khandalo likayenda pamabwera lina. Masana onse a tsikulo ndinalephera kudya. Ndinapemphera, koma sindinapatsidwe nzeru iliyonse, ndinangopatsidwa mphamvu yodzuka m'mawa mwake.

Anafika ana atangomaliza kumwa phala, atavala jekete, nsapato zili ndi simenti. Ana anaimirira kupereka moni, ndipo ndinapatsa bambowo mpando wanga, umene unali mpando wokhawo m'kalasimo. Anauika pambali pa bolodi n'kukhala, manja pamaondo. Mwana wawo anali pamalo pake pafupi ndi khoma, kansalu katamangidwa mfundo yokhota kawiri.

Ndinaganiza zongophunzitsa monga mwa masiku onse. Tinabwereza malembo amene tinali titaphunzira. Polemba m'malere mwanayo anakweza dzanja lamanja n'kumatsatira anzake mochedwa. Choko chinandithyokera kawiri. Titatuluka panja bambowo anatitsatira n'kukaima kumbuyo kwa mwana wawo, chithunzithunzi chawo chitaphimba pamene ankalemba. Iye anakanda pansi, anafufuta, anakandanso. Chimene chinatsala m'fumbimo sichinali lembo.

“Mukuona, Mayi?” anatero bambowo motsitsa mawu. “Mwamuzoloweza zolakwika, lamanjali lafa. Teremu yonse yapita pachabe.”

“Sitinamalize, Abambo. Patsala gawo limodzi.”

Ndinanena zimenezo pongofuna kuti asamutenge pomwepo. Ndinalibe pulani ina iliyonse.

Tinabwerera m'kalasi ndipo ndinauza ana kuti akhale awiriawiri. Mnzake wa pakamwa posagona uja, poona jekete, anali atasamukira kumbuyo n'kudzipezera msana wina. Ana onse anali ndi anzawo, mwana wa mkulu wa mpingo yekha anatsala ali chilili pakhoma. Ndikanatha kumupatsa msana wanga. Koma miyendo inanditengera kumene kunali mpando, ndipo ndinagwada.

“Abambo, mwanayu alibe mnzake. Mungatibwereke msana?”

Ngakhale amene ankagirigishana analeka.

“Msana wanga?”

“Eya, Abambo. Iye alemba, inu mutchula chimene mwamva. Lamulo lake ndi limodzi, wolembedwa satembenuka.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinadziwa kuti ndikanatha kuitanidwa kubwalo la mpingo chifukwa chochititsa manyazi munthu wamkulu pamaso pa ana. Kenako anaimirira, anavula jekete, analipinda bwinobwino pamaondo, n'kukhala chammbali kuti chotsamira cha mpando chisatchinge.

“Bwera,” anauza mwana wawo osamuyang'ana.

Anabwera akukoka mapazi. Mutu wake unkangofika pamapewa awo. Anakweza dzanja lamanja n'kuyamba kuyendetsa chala pa shati yoyerayo.

“Sindikumva kanthu,” anatero bambowo. “Bwereza.”

Anabwereza.

“Kaya ndi lembo, kaya ndi nyerere.”

Mnyamata wina kumbuyo anaphulika kuseka, mnzake n'kumutseka pakamwa. Mwanayo anatsitsa dzanja. Misozi inali italengeza koma sinagwe. Anayang'ana kwa ine monga ankachitira akamaliza kulemba. Sindinagwedeze mutu, sindinamupatse chizindikiro chilichonse. Ndinali nditamasula kale kansaluko kawiri popanda chilolezo, ndipo ulendo uno sindinafune kumusankhira. Ndinangoti chamumtima, Ambuye, mwana ndi wanu.

Anayang'ana dzanja lomangidwalo. Chifukwa cha kulifinya m'mawa wonse, chala cholozera chinali chitatulukira pampata wa nsalu. Analikweza pang'onopang'ono n'kuika chalacho pakati pa mapewa a bambo ake. Anatsitsa mzere, anakweza, anakhotetsa, anatsitsa, anakhotetsanso.

“M,” anatero bambowo nthawi yomweyo.

Chala chinazungulira.

“O.”

Kenako n, kenako i, kadontho kake anachita kukadina.

“Moni,” anatero bambowo, akuphatikiza okha.

Ana, mwa chizolowezi, anayankha onse pamodzi kuti, “Zikomo, Abambo!” Ena anaseka, koma ine sindinathe, chifukwa ndinkaona nsonga ya kansalu ikukhudza shati nthawi iliyonse chala chikatsika. Sakanalephera kuimva. Khosi lawo linauma, koma sanatembenuke.

“Lemba lina,” anatero.

Mwanayo analemba liwu lakuti ana. Bambowo anatchula.

“Lina.”

Analemba amama, ndipo anatchula lembo ndi lembo mpaka kumapeto, osaphonya, mawu awo akunka natsika. Atamaliza anafunsa akuyang'ana khoma.

“Walembera dzanja liti?”

Mwanayo anabisa dzanjalo kumbuyo.

“Ndikufunsa iwe.”

“Lamanzere, Ababa.”

Panja amayi ophika phala ankakwecha mphika, ndipo phokoso limenelo ndi lokhalo limene linkamveka. Ndinayamba kuganiza za mawu amene ndikanene akamutenga, ngati ndiwatsatire mpaka pageti, ngati ndipite kwa abusa. Bambowo anatembenuka ndi mpando womwe, anagwira mkono wa mwana wawo n'kuyang'ana mfundo yawo. Anaimasula ndi zala ziwiri. Mzere wa pamkono unali utada. Anausisita ndi chala chachikulu kamodzi, n'kupinda kansaluko n'kukaika m'thumba la thalauza.

“Kudya, lamanja. Kulandira kanthu kwa munthu, lamanja. Chopereka, lamanja. Wamva?”

“Ndamva, Ababa.”

“Za pensulo ndi za aphunzitsi akowa. Kakhale pansi.”

Anavala jekete. Ndinawaperekeza mpaka pakhonde. Kumeneko anaima n'kunena osandiyang'ana kuti, “Mayi, chimene wamanga mwini nyumba, mlendo samasula. Mukanabwera kunyumba kudzandiuza.”

“Ndamva, Abambo.”

“Ku Njewa ndiwauza afune wina.”

Anadutsa pabwalo la mpira, akuponda malembo a ana, n'kutulukira pageti. Nditabwerera m'kalasi ndinapeza mnzake uja wabwerera kale pamalo pake, akupereka msana. “Ndilembe inenso moni,” ankatero, “koma usandigirigishe.” Ndinauza ana kuti atulutse makope, ndipo ndinaima pabolodi nditawafulatira kwa kanthawi, chifukwa nkhope yanga sinali yoti ana aione.

Kutchalitchi moni wa bambowo unakhala wouma mpaka mvula itagwa. Ankayankha, koma za abambo akunyumba sankafunsanso, ndipo ine ndinapirira, poti mawu awo a pakhonde aja sanali opanda chilungamo. Mwanayo anamaliza chaka, analowa Sitandade 2. Lamulungu lina ndinamuona pamzere wa chopereka, ndalama yachitsulo ili m'dzanja lamanzere. Atatsala pang'ono kufika pambale anaima, anaisamutsira ku lamanja, anagwira mkono ndi dzanja linalo monga amachitira mwana woleredwa, n'kuponya. Bambo ake ndi amene ananyamula mbaleyo.