Madzi a Mwini Mfuti Wachiwiri

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene agogo anga aamuna, kwathu ku Zomba, anandipatsa ntchito yanga yoyamba. Iwo anamenya nkhondo ali m'gulu la asilikali a Keyala, ndipo kuseri kwa chitseko kunali mfuti yaitali yonunkha mafuta ndi dzimbiri. Momwe anabwerera nayo sindidziwa. Pansi pake pankakhala kapu yachitsulo, ndipo ine ndinkathiramo madzi m'mawa uliwonse.

Pofika madzulo kapu ija inkakhala itauma. Nkhuku sizinkalowamo m'chipindamo. Ngakhale m'nyengo yachisanu inkauma ndithu.

Tsiku lina ndinafunsa kuti, “Agogo, amamwa madziwa ndani?”

Anasisita bondo. “Mfuti ili ndi mabanja awiri, mdzukulu wanga. La amene anaigwira, ndi la amene anagwa nayo. Mnyamata amene ndinamuwombera ndi mfutiyi anafa akupempha madzi. Chilankhulo chake sindinkachimva, koma ludzu ndinalimva.”

Agogo atamwalira mfuti inatengedwa ndi apolisi, ine n'kuiwala zonse.

Kuno ku Leicester, ku Mangalande, amuna anga, abambo a Chikondi, anayamba kugula mfuti zakale zankhondo, zotsekedwa kuti sizingaombenso. Zinafika zitatu m'nyumba yathu ku Beaumont Leys. Ankadziwa mbiri ya aliyense amene anazinyamula: kwawo, akazi awo, ana awo. Ndinawauza za kapu, iwo n'kuseka. “Mayi, kuno madzi ali pampopi, akatunge okha.”

Chaka chatha anadwala pakhosi, madzi osatsika. M'chipatala ndinkangowanyowetsa milomo ndi kathonje. Mawu awo omaliza anali amodzi, “madzi,” ndipo ndinali nditawamva kale kwa agogo.

Maliro atatha, Chikondi anabweretsa mzungu wa ku Loughborough wosonkhanitsa mfuti zoterezi kuti azigule. Anali munthu waulemu. Anafunsa za mabanja a eni mfuti, ine ndinamufunsa za mabanja a amene anagwa nazo.

“Amayi, mfuti zikutiopsa m'nyumba muno, zipite,” anatero Chikondi m'Chingerezi.

“Zikapita, awapatsa madzi ndani?”

Mzungu anabwerera chimanjamanja.

Sindinapite patali ndi sukulu, ndipo sindinganene kuti ndi mfuti zimene zinanditengera amuna anga. Chimene ndikudziwa n'chakuti woiwalika naye amamva ludzu. Tsiku lililonse ndisanakwere basi yopita kuntchito, ndimathira madzi m'makapu anayi: atatu a mfuti za amuna anga, imodzi ya mfuti ya agogo. Pobwera sindiyang'anamo, ndimangotsuka.