Moto wa m'bulangete la anaNgozo

A Paison Ndau anabadwira ku Mlangeni, m'banja loweta ng'ombe ndi kulima mbatata ya kachewere, koma anakalambira ku Nsipe kuno, kwawo kwa akazi awo. Ine ndinawadziwa ali ndi imvi kale, nditabwera kudzaphunzitsa pasukulu ya mishoni. Zimene ndikulembazi anandiuza okha, ndipo pamene sindinamvetse ndinkabwererako kukafunsanso, kuopa kunamizira munthu.

Nkhondo yachiwiri itangotha, a Paison anabwerako kumigodi ya ku Joni. M'katundu wawo munali bulangete la ubweya wa nkhosa ndi chipeso chakuda cha m'sitolo. Zonsezi anagulira akazi awo, a Rute, amene pamudzi ankaitanidwa ndi mfunda wawo kuti anaNgozo. Unali mwezi wa Juni, pamene mphepo ya ku Mlangeni imang'amba milomo. M'mawa wina akazi a a Silvester, achimwene awo aakulu a a Paison, analowa kudzapala moto. M'nyumba munali kamdima. AnaNgozo ankakutumula bulangete lija, ndipo linathetheka, timoto tikudumphira ku zala zawo. Mayi uja anatuluka osapala moto.

Nkhaniyo inayenda monong'ona mpaka mvula inayamba. Mu Disembala mphenzi inagwa pakhola la a Silvester ndi kupha ng'ombe zonse, kutsala kathole kamodzi. Khola la a Paison, loyandikana nalo, silinakhudzidwe.

"Mphenzi imeneyi ndi yoweta," anatero a Silvester, abale atasonkhana. "Alamu anga amaisunga m'bulangete. Abwerere kwawo. Koma ana atsale, ng'ombe za malowolo tinapereka."

Mwambo unali womwewo, kuti pamene paperekedwa malowolo ana ndi a kuchimuna. Tsono wamng'ono anali asanaleke kuyamwa.

A Paison anagwada. Ku Joni anagwirapo ntchito pankhokwe ya wonga wophwanyira miyala, ndipo kapitawo ankaletsa kulowamo ndi chovala chaubweya chifukwa cha timoto tomweto. Kukomboni anzawo ankachita nato masewera, kukhuza chipeso pabulangete ndi kutola nacho tizidutswa ta pepala.

"Achimwene, si mankhwala ayi," anatero. "Munthu aliyense angautulutse motowo, ngakhale inu. Ndipatseni mpata ndikuonetseni."

"Ine ndi manja angawa?" A Silvester anawatambasula. "Ndikautulutsa, kathole katsalako ukadyere ndiwo."

Pano ndiyenera kufotokoza pang'ono, monga momwe mabuku amanenera, ngati sindikulakwitsa. Zinthu ziwiri zouma zikakhuzana, mphamvu ya magetsi imachoka pa china ndi kuunjikana pa chinzake. Mphamvuyi ili mitundu iwiri. Yofanana imakankhana, yosiyana imakokana, ngakhale pakati pali mpata. Ikachuluka imadumpha mpatawo, ndiye kamoto kaja. Mphenzi ndi chinthu chomwecho, kungoti ndi chachikulu, pakati pa mtambo ndi nthaka. Koma chinyezi chimaitaya mphamvuyo isanaunjikane. Chomalizachi a Paison sankachidziwa. Masewera aja ankawachita m'chisanu chouma cha ku Joni, ndipo palibe anawauza kuti nyengo ili ndi mbali yake.

Tsiku loonetsa kunali mvula yamawawa. Abale anadzazana m'nyumba ndi zovala zonyowa, natseka chitseko kuti mukhale mdima. A Paison anapatsa akulu awo bulangete. A Silvester anakutumula, anakutumulanso. Zii. A Paison analilanda, nalikhuza ndi chipeso, naika chipesocho pamwamba pa timapepala. Palibe kamene kanagwedezeka. Anakhuzanso mpaka thukuta linayamba kudonthera pabulangete pomwepo.

"Pesa bwino, Paison," wina anatero kumbuyo. "Moto ukakana mwina nsabwe zituluka."

Anthu anaseka. A Paison anatembenukira kwa akazi awo. "AnaNgozo, tagwirani inu, chonde."

"Ndigwire bwanji, bambo a ana?" anayankha anaNgozo. "Ukatuluka, ati ndi wanga. Ukakana, ati ndaubisa." Manja awo anali m'kati mwa nsalu, ndipo sanawatulutse.

"Mwaona nokha," anatero a Silvester. "Umamvera mwini wake yekha."

AnaNgozo ananyamuka wapansi kupita ku Nsipe, nsalu yapachifuwa itanyowa ndi mkaka. Khanda linatsala ndi azakhali ake. Linkakana phala, linkalira mpaka mawu kutha, ndipo linayamba kuwonda. A Paison ankati akachoka kumunda n'kutseka chitseko, kukhuza chipeso pabulangete. Anayesa chikopa cha mbuzi, anayesa tsitsi lawo lomwe. Anapemphera. Anthu anayamba kunena kuti mutu wasokonekera.

Mvula inatha, chimanga chinauma, mphepo ya Juni inabwerera. M'mawa wina bulangete linathetheka. Timapepala tinadumphira kuchipeso ngati nthata. A Paison anathamanga kukakoka akulu awo pamkono, nawalowetsa m'nyumba, nawagwiritsa bulangete. Kamoto kanawaluma a Silvester pachala.

A Silvester anataya bulangete, nabwerera chambuyo mpaka kukhomo. Anayang'ana chala chawo nthawi yaitali.

"Ndiye kuti anakusiyira ndi iwe," anatero.

A Paison anandiuza kuti apa m'pamene anadziwa kuti palibenso chowaonetsa. Anabereka khanda m'bulangete lomwelo, anagwira mwana wamkulu padzanja, nadutsa pakati pa mudzi dzuwa lili pamutu. A Silvester anawakuwira kuti akangodutsa khola, ng'ombe ndi munda wa atate awo aiwale. Anadutsa.

Ku Nsipe anakhala mkamwini, munthu woti anapereka malowolo, akulima munda wa apongozi. Amuna anzawo ankawanyoza pamowa kuti analowola mkazi n'kudzilowolanso okha. Ku Mlangeni sanapondekonso, ngakhale pamaliro a akulu awo. Khanda lija linafika mkaka wa mayi ake utauma kale, koma linavomera phala la m'manja mwawo. Ndi Esnath Ndau, amene chaka chino ali m'kalasi langa.