Makonirodi a Bambo ndi Ulendo wa ku Mulanje

Ndikukumbukira kuseri kwa chigafa cha fodya pa esiteti ina ku Mkanda, kumene bambo ankakonza mathirakitala. Kunali galimoto yakalekale imene mwini esiteti woyamba anaisiya, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Tsiku limene bambo anaipempha, anzawo anaseka mpaka kugwira nthiti.

Koma bambo sankachita nthabwala. Amayi ankadwala chifuwa chosamva mankhwala, ndipo pakamwa pawo panali nkhani imodzi yokha, yoti akafike kwawo ku Mulanje akadali moyo. Ulendo wa njinga ndi maminibasi sakanaupirira. Bambo analonjeza kuti adzawatenga chogona m'galimoto ija.

Vuto linali makonirodi, zitsulo zinayi za m'kati mwa injini zolumikiza mapisitoni ndi kirankishafuti. Awiri anali opindika, ndipo a mtundu umenewo sankapezeka ku Lilongwe ngakhale ku Chipata. Bambo anazula ena mu injini yakufa n'kuyamba kuwasema pa makina a esiteti kuti afanane ndi anzawo. Maso awo anali atachita ng'ala, choncho timizere ta pa mayikiromita, kachipangizo koyezera kukula kwa chitsulo, ndinkawerenga ndine Esinati, mwana wawo wamkazi. Tinkayeza m'mamawa mame asanaume, chifukwa ati chitsulo chikawombedwa ndi dzuwa chimanama. Fungo la girizi losakanikirana ndi la fodya wofota ndimalimvabe mpaka pano.

Sikelo yawo inali ndodo yopachikidwa pa chingwe, konirodi uku, mnzake uku. Mbali yopepuka ankaikako mtedza mpaka ndodo itaima bwino, kenako n'kupala wolemerayo ndi tupa. Ndikaponya mtedza umodzi m'kamwa ankandilozera chala n'kunena kuti m'dziko lonse mwana wodya sikelo ndine ndekha.

Mmawa wina amayi anadzikoka mpaka pamene tinkagwirira ntchito, atafunda zitenje ziwiri ngakhale kunali kotentha.

"Abambo ake Esinati, timtedza timeneti tingaletse galimoto kuyenda? Ingomangani tizipita."

"Kuyenda iyenda, amake mwana, koma izinjenjemera njira yonse," anayankha bambo. "Chifuwa chanucho sichingafike nacho ndi pa Namitete pomwe. Ndipatseni masabata ochepa."

Amayi anangokhudza chitseko cha galimoto n'kubwerera kukagona.

Anamwalira tisanamalize kusoka fodya. Tinawaika m'manda a pa esiteti, pakati pa matenanti ochokera m'maboma osiyanasiyana, ndipo achibale a ku Mulanje anafika dothi litauma kale.

Titasesa maliro, bambo anabwerera ku tupa yawo. Ine ndinkawerenga timizere tija mtima ukuwawa, ndipo ndinawakwiyira kwambiri. Injini italira, anaika kapu ya madzi pamwamba pa boneti. Madziwo sanagwedezeke n'komwe. Anayang'ana nthawi yaitali, anazimitsa, ndipo anakhala pansi m'fumbi n'kulira mokweza, kulira kumene sanalire pa maliro. Galimoto ija sanailizenso.

Masiku ano pa Boma anyamata okonza galimoto amaitanitsa sipeya pa foni, imabwera pa minibasi tsiku lomwelo, n'kumanga osayeza chilichonse. Ndikaona galimoto zawo zikuchoka zikunjenjemera, utsi uli tolotolo, sindiwanyoza. Zimakafika kumene zikupita. Bambo anamanga injini yabwino kuposa zonsezo chifukwa chowakonda akazi awo, ndipo mkwiyo wanga unatha nditakula. Chisoni chokha ndicho sichitha, poti amayi akadali ku Mkanda.