Mphatso Atsike Pati?

Ndinachoka ku Ntchisi nditatopa ndi funso limodzi: "Kwanu n'kuti?" Zipani zambiri zinali zitangoyamba, aliyense akuvotera wakwawo, ndipo pofunsira ntchito ankayamba amva kaye dzina la boma lako. Nditamva kuti mpingo wina ku Nairobi ukufuna dalaivala, sindinagonere.

Ku Rongai, kumene ndinkakhala kunja kwa Nairobi, kusungulumwa kunandidya, abale. Lamulungu ndinkapanikizana m'matatu, minibasi za kumeneko, mpaka m'tauni kungofuna kumva munthu akunena kuti "mwadzuka bwanji". Kumeneko ndinapeza Nyagondwe, mtsikana wa ku Rumphi amene ankaphunzira unamwino. Kunja kuja tonse tinali Amalawi basi. Ndinalowola monga amachitira kwawo, amayi anga akudandaula pafoni: "Iwe, mkazi amagula ngati mbuzi?" Kenako tinabereka Mphatso.

Chaka chimene Kenya inavuta pambuyo pa chisankho, anthu akuwotcherana nyumba chifukwa cha mtundu, Mphatso anabwera kuchokera kusukulu akulira. Anzake ankamupanikiza kuti "kabila gani?", ndiye kuti ndiwe mtundu wanji, iye osadziwa choyankha. Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti, "Usalire, iwe uli ndi kwanu. Tiye ukakuone." Ntchito ndinasiya.

Ku Ntchisi atsibweni anga anatiphera nkhuku. Nditatchula za malo oti Mphatso adzalime ndi kumangapo, anaseka mpaka kutsokomola.

"Nairobi yakuiwalitsa eti? Kuno mwana ndi wakuchikazi. Minda iyi ndi ya ana a alongo ako. Uyu kwawo ndi ku Rumphi."

Chabwino, tinakwera basi ya ku Rumphi. Apongozi anga aamuna anamunyamula mdzukulu wawo, kumuyeza kulemera, chimwemwe chokhachokha. Koma pa nkhani ya malo anandiyankha mofatsa: "Inu munalowola. Mwana ndi wanu, dzina ndi lanu. Kuno azibwera kudzacheza."

Ha! Palibe amene ankamuda mwanayo, ndipo aliyense ankanena zoona za mwambo wakwawo. N'zimene zimandiwawa mpaka lero, tikukhala nyumba ya lendi ku Lilongwe, mtima wanga osakhazikika.

Pobwerera kuchokera ku Rumphi basi inaima pa Jenda, pamalire a Chigawo cha Kumpoto ndi Chigawo Chapakati. Mphatso, amene ndinkayesa kuti sanamve kanthu, anandikoka malaya.

"Adadi, ndiye ine nditsike pati?"

Ndinatulutsa dzanja pawindo n'kumugulira chimanga chootcha.