Botolo Litaloza a Tiyi

Anthu ankawatchula a Tiyi chifukwa paphwando lililonse, anzawo akutsegula mowa, iwo ankapempha tiyi. Ntchito yawo inali yowotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a mawindo, mipando yothyoka miyendo. Mikono yawo inali mawangamawanga ndi timabala ta moto. Akale okha ndi amene ankakumbukira kuti bambo wofatsayu ankamwa mpaka kusochera khomo la nyumba yake, asanasiye zaka khumi ndi ziwiri zapitazo.

Akazi awo ankayenda motsimphina. Aliyense wofunsa ankauzidwa nkhani imodzi: tsiku lina ali panjinga yamoto awiriwiri, galu anadumphira mumsewu, a Tiyi pomuzemba anakagwera m'ngalande. Mwana wawo wamkazi, amene panthawiyo anali ndi zaka khumi, anakula akudana ndi agalu.

Mtsikanayo atamaliza maphunziro a unamwino, amalume ake, achimwene a mayi ake, anakonza kaphwando pakhonde pawo Loweruka masana. Amalumewa anali wapolisi wopuma pantchito, munthu wokonda kufunsa mafunso amene mayankho ake akuwadziwa kale. Chakudya chitatha, anagoneka botolo lopanda kanthu pakati pa tebulo n'kudzaza kakapu ndi mowa waukali.

"Lamulo ndi limodzi," iwo anatero. "Botolo likakuloza, ndikufunsa. Uyankhe zoona, apo ayi umwe."

Poyamba kunali kuseka kokhakokha. Aneba atafunsidwa zaka zawo anangogugudiza kakapuko. Azakhali atafunsidwa ngati tsitsi linali lawolawo anati, "Ndi langa, ndinagula ndekha." A Tiyi anasekako pang'ono, maso ali pabotolo. Linazungulira kachitatu, linachita ngati liima pa akazi awo, kenako linasendera pang'ono n'kuwaloza iwo.

"Ine sindikusewera nawo, alamu."

"Mwakhala patebulo, ndiye mukusewera." Wapolisi uja anakankhira kakapu patsogolo pawo. "Funso langa ndi lophweka. Galu uja anali wamtundu wanji?"

Amene ankadziwa anayang'anana. Akazi a a Tiyi anaweramira pansi, akupotokola nsonga ya nsalu ya patebulo. Mtsikana yekha ndiye anaseka.

"Wakuda! Si choncho, ababa? Munkati wakuda."

Fungo la mowa linawakwera a Tiyi m'mphuno, malovu n'kudzaza m'kamwa ngati anasiya dzulo. Anadziwa kuti kunena kuti wakuda n'kosavuta, koma alamu awo ndi amene anawatola m'ngalande tsiku lija, ndipo anali atapinda manja kudikirira bodzalo. Anadziwanso kuti akamwa kakapu kamodzi, sikakhala komaliza. Anakanyamula.

"Bambo ake," akazi awo ananong'ona.

Anakatsitsa pang'onopang'ono.

"Panalibe galu, mwanangu."

Mtsikanayo anali akumwetulirabe, kudikirira kuti nthabwala ithe.

"Ndinali nditaledzera. Amayi ako anandipempha kuti tisiye njinga, tiyende wapansi. Ndinawakalipira pamaso pa anthu mpaka anakwera. Msewu unali woyera, wopanda ngakhale nkhuku. Mwendo uwo ndinauthyola ndine."

Wina anatsokomola. Wapolisi uja anatambasula manja ngati munthu amene watula katundu, koma asanayankhule, achemwali ake, akazi a a Tiyi, anaimirira atagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Achimwene, mwendowu ndi wanga. Galuyo ndinamupeka ndine, ndili pabedi kuchipatala, kuti mwana asaope bambo ake. Mukanafuna zoona mukanabwera kwathu, tsiku lililonse pa zaka zonsezi. Mwasankha lero, tsiku la mwana?"

"Ndi masewera chabe, chemwali."

"Ndiye pitirizani kusewera."

Mtsikanayo anatenga chikwama chake n'kutuluka pageti osatsanzika. Makolo ake anatsatira patali, a Tiyi akuchepetsa mapazi kuti afanane ndi a akazi awo.

Kwa milungu itatu mwanayo ankagona kwa mnzake wa kuntchito, ndipo foni ya bambo ake sankayankha. A Tiyi ankatsegula shopu m'mamawa, kugwira ntchito mpaka maso kuwotcha. Kawiri konse anaima pakhomo la bala, kawiri konse anabwerera. Kwa alamu awo sanapondekonso.

Lachinayi lina akudula chitsulo, anaona nsapato zoyera zitaima pafupi ndi waya wa magetsi. Anazimitsa makina n'kukweza chigoba cha kumaso.

"Amayi akuvutika kubafa," mtsikanayo anatero, osawayang'ana. "Pakufunika chogwirira pakhoma. Ndayeza kale."

Anawapatsa kapepala. A Tiyi anakawerenga kawiri, n'kufunsa ngati chikhale chakumanja kapena chakumanzere.

"Chakumanzere. Ndipo musasiye m'mphepete mwakuthwa."

Anakhala pabenchi n'kudikirira mpaka bambo ake atamaliza.