Botolo la Pawindo

Chaka chimene madzi anakokolola mpunga wathu mu sikimu ya ku Lifuwu, ndinauza mkazi wanga Esinati kuti ndikupita ku Joni. Sanalire. Anali akusenda chinangwa pakhonde, ndipo anangofunsa kuti, "Mukakhalako mpaka liti?" Ndinati chaka chimodzi, zikavuta ziwiri. Mwamuna aliyense wokwera basi ya ku Joni amanena zomwezo, ndipo ine ndinkazikhulupiriradi. Popeza ndine mkamwini, nyumba yathu ili pakati pa abale ake, ndinapita kukatsanzikanso kwa amalume ake, a Chimbalanga. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Pitani bwino, akamwini. Koma mudziwe kuti mwana wathuyu sitinamukwatitse kwa foni."

Ku Joni kwenikweniko sindinakhalitse. Mnzanga wina wa ku Chipoka anandiitanira kutali, kufupi ndi Kepitauni, kufamu ya mphesa. Ndinayamba ndi kuthyola mphesa, msana uli gwa tsiku lonse. Kenako anandilowetsa m'nyumba yolawitsiramo alendo vinyo, kuti ndizitsuka matambula. Ine vinyo ndinkangomuonera patali pa Misa, ali m'chikho cha ansembe. Tsono kumeneko ndinaona zodabwitsa. Munthu walipira ndalama zake, akumuthirira pang'ono, iye n'kumazunguza tambula, kulowetsamo mphuno, kumwa pang'ono, kuchukucha m'kamwa, basi n'kulavula. Tsiku loyamba ndinathawira kuseri kukaseka. Ndinati anthu awa njala sakuidziwa.

Loweruka madzulo, mabotolo otsegula kale ankatigawira ife antchito. Anzanga ankathira m'chigubu chimodzi n'kumapapira ngati thobwa. Ine langa ndinapita nalo kuchipinda, kachipinda kokwana bedi ndi mpando basi, ndipo Lamulungu masana, pamene kusungulumwa kumaluma kwambiri, ndinati ndiyesere za alendo zija. Ndinathira pang'ono vinyo wofiira, ndinazunguza, ndinanunkhiza. Alendo aja ankatchula zipatso zimene ine sindinaonepo mitengo yake. Koma ine nditamwa, n'kumusunga kaye palilime, ndinamva nthudza. Nthudza yeniyeni yakupsa, kutsekemera koyamba kuja, kenako kukhakhala kumene kumatsalira m'mbali mwa lilime.

Munthu wosadziwa nthudza amangoiponya m'kamwa, n'kukwinya nkhope. Imafunika kuifikisa kaye m'manja, pang'onopang'ono, mpaka ifewe, ndipo imatsekemera. Anandiphunzitsa zimenezi ndi Esinati tili pachibwenzi, tikuchokera kutchalitchi. Ankaifikisa yekha n'kundipatsa ili yofunda ndi manja ake. Lamulungu limenelo ndinakhala pabedi, tambula ili m'manja, misozi ikungoyenderera. Ndinamwa pang'onopang'ono mpaka dzuwa linachoka pakhoma.

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse linali lotero. Sindinali chidakwa ayi, tambula imodzi inkandikwanira masana onse. Ndinaphunzira kuti vinyo ameneyu ukamuthira n'kumusiya kanthawi amamasuka, fungo limakwera, ndipo ukamwa umamva kufunda kutsika mpaka pachifuwa. Chimene chinkandipweteka n'chakuti panalibe womuuza. Chinthu chokoma ukamadya wekha chimakukumbutsa kuti uli wekha. Ndinayesa kufotokozera Esinati pafoni. Anamvetsera, kenako anati, "Chabwino, abambo ake a Tadala. Koma nsapato za mwana zang'ambika."

Chakumapeto kwa chaka chachiwiri ndinagula botolo lathunthu, losatsegula, la vinyo yemwe uja. Ndinalikulunga m'bulangete pamodzi ndi nsapato za Tadala, mwana wathu wamkazi, n'kupatsira anyamata onyamula katundu wa kumudzi. Ndinamuimbira Esinati kuti, "Musatsegule. Tidzamwa limodzi ndikabwera pa Khirisimasi. Mudzamva nokha nthudza zanu zija." Anaseka, ndipo kanali koyamba kumumva akuseka patapita miyezi yambiri.

Khirisimasi ija inadutsa. Mapepala anga anali atatha, ndipo ndinkaopa kuti ndikatuluka sindidzalowanso. Ina inadutsa chifukwa tinkagula malata. Ina chifukwa cha fizi. Chifukwa sichinkasowa. Ndalama ndinkatumiza, pamenepo palibe angandinene, koma zokamba pafoni zinkachepa chaka ndi chaka mpaka zinatsala zitatu: mwadzuka bwanji, zafika, zikomo. Nthawi zina ndinkaimba dala popanda nkhani, tonse n'kungokhala chete, ine ndikumvetsera nkhuku za kwathu zikulira kumbuyo kwake.

Malata atakhomedwa, ananditumizira chithunzi cha nyumba. Ndinachikulitsa ndi zala, ndipo pawindo loyang'ana kunjira ndinaona botolo lija, lili chilili, dzuwa la ku Salima likuliwomba. Mtima unandipweteka. Kufamu kuja mabotolo amawagoneka m'chipinda chapansi, mozizira, mwamdima, ndipo ngakhale kulankhula mokweza umachita manyazi. Ndinaimba nthawi yomweyo. "Amake Tadala, lichotseni pawindopo. Kutentha kumawononga. Ligonekeni pansi pa bedi." Iye anati, "Ndamva." Pachithunzi chotsatira, cha Tadala atavala yunifolomu yatsopano, botolo linali pomwepo. Ndinanenanso, anatinso wamva. Ndinakwiya, ndipo mumtima ndinati mkazi ameneyu zinthu zabwino sazidziwa. Kenako ndinayamba kuganiza zoipirapo, kuti mwina mawu anga sakulowanso m'nyumba imeneyo.

Ndinabwera Tadala ali ku sekondale, mwana amene ndinamusiya akuphunzira kulemba dzina lake. Unali mwezi wa Okutobala. Pa depoti ya ku Salima ndinatsika minibasi malaya atamatirira kumsana, ndipo wanjinga yamoto amene ananditenga ananditchaja ngati mlendo. Sindinatsutse, chifukwa ndinalidi mlendo. Kunyumba anandilandira bwino kwambiri, ndipo n'zimene zinandipweteka. Esinati anagwada patali popereka moni. Anandiphera nkhuku, anandipatsa mpando wa alendo, ndipo Tadala ankandiyankha ndi mawu amodziamodzi maso ali pansi. Ndinkafunsa kumene kuli sopo m'nyumba imene malata ake ndinagula ndine.

Tsiku lachitatu masana, anthu obwera kudzandiona atatha, ndinatenga botolo lija pawindo. Linali lofunda ngati mwana wodwala malungo, koma lopanda fumbi ngakhale pang'ono. Pepala lake linali litayera ndi dzuwa. Ndinatulutsa matambula awiri amene ndinabwera nawo atakulungidwa m'masokosi, ndipo tinakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, pamthunzi. Chotsekera chinanyenyeka ndikuchikoka. Vinyo anatuluka wofiirira ngati madzi a m'ngalande ya mu sikimu. Ndinazunguza, ndinanunkhiza. Nthudza munalibe. Munali fungo lowawasa, ngati la phala logona.

"Wawonongeka," ndinatero. Ndinayesa kudzigwira koma zinakanika. "Ndinakuuzani kangati kuti mulichotse pawindo?"

"Munandiuza," anatero Esinati. "Ndinamvanso. Mumayesa sindinkaona kuti vinyoyo akusintha mtundu? Ndinkalipukuta m'mawa uliwonse."

"Nanga bwanji simunalichotse?"

Anayang'ana cha kunyumba ya amalume ake, kenako anatsitsa mawu. "Chaka chachinayi amalume anaitanitsa ankhoswe. Anati ukwati wa pafoni uthe, pali mphunzitsi wina wofedwa amene wafunsira. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinatenga botololi n'kuliimika pakati pawo. Ndinati mwini wake anati tidzamwa limodzi, ndiye likadali lotseka, ukwati ulipo. Anaseka, koma anabalalika. Ndinaliimika pawindo, ndipo kuyambira tsiku limenelo aliyense wodutsa panjirapo amayang'ana pomwepo. Azimayi popita kumjigo amayang'ana. Ndikanaliika pansi pa bedi, dzuwa lisanalowe mudzi wonse ukanati Esinati wataya mtima. Ndiye ndikanasunga chiyani, vinyo kapena inu?"

Zaka zonsezo ndinkayesa kuti wosungulumwa ndine ndekha, ine wa m'kachipinda kozizira, ndipo kuti kumudzi munthu sangasungulumwe chifukwa abale ali ponseponse. Sindinaganizepo kuti munthu angakhale yekha pakati pa abale ake, womuikira kumbuyo ali botolo. Ine Lamulungu lililonse ndinkamwa zokoma n'kumadzimvera chisoni. Iye lake ankangolipukuta.

Ndinati nditaye vinyoyo, ndidzaitanitsa wina wabwino. Anandigwira dzanja, koyamba chibwerereni. "Musataye. Ndamudikira nthawi yaitali, ndimwa." Anazunguza tambula monga anandionera, mpaka pang'ono kutayikira pachitenje. Anamwa, anakwinya nkhope, anameza. Kenako anamwanso mpaka kumaliza, maso ali ndi misozi, kaya chifukwa cha kuwawasa kaya china. Inenso ndinamwa wanga. Anali woipa kuposa chakumwa chilichonse chimene ndinalawapo, ndipo sindinasiye ngakhale dontho.

"Ndiye nthudza zanu zija n'zimenezi?" anandifunsa, akupukuta pakamwa.

Tinaseka tonse, kuseka kwenikweni, mpaka Tadala anasuzumira pakona ya nyumba kuti aone chachitika n'chiyani. Koma kusekako kutatha, Esinati anatenga botolo lopanda kanthu lija n'kuligoneka pamkeka pakati pathu. Ankadziwa, ngakhale ndinali ndisananene, kuti kufamu kuja akundiyembekezera nyengo yothyola mphesa ikayamba, ndipo chikwama changa chachikulu ndinali ndisanachimasule chonse.

"Abambo ake a Tadala," anatero, "pawindo paja tsopano palibe kanthu, ndipo mawa anthu aona. Ngati mukukhala, aziona inuyo. Ngati mukubwerera, pitani bwino, sindikukanizani. Koma musandisiyirenso botolo lina."