Chinangwa pa chiliza cha agogo

Abale anga, ndikhulupirira mwaswera bwino.

Lero gulu losunga mbiri ya dera lino linabweretsa ana a sekondale a ku Mbamba Bay kudzaona manda a agogo athu a Yohane ku Lipingo, popeza ndiwo anayamba kuphunzitsa ana kumeneko atachoka ku Malawi. Ine anandiitana kuti ndikaimire banja.

Titafika, tinapeza chiliza chonse chili mbuu. Alamu athu, akazi awo a achimwene a Petro, anayanikapo chinangwa choviika, moti ngakhale dzina la agogo silimaoneka.

Mtsikana wina anandifunsa kuti, "Mayi, kodi aphunzitsiwa alibe abale?" Ndinangoyang'ana pansi, ine mdzukulu wawo, nditavala zovala zanga za kutchalitchi.

Nditawafunsa, alamu anangoti, "Nanga simenti yabwino chonchi izingokhala? Pansi pali mchenga, alamu."

Akuluakulu a gululo anena mwaulemu kuti zikapitirira, sadzabweretsanso ana kumandako. Zikatero, mbiri ya agogo idzathera pomwepo.

Kodi timange mpanda, kapena tiwamangire alamu thandala loyanikapo chinangwa? Achimwene a Petro, ndaona pafoni pano kuti mwawerenga uthengawu. Ndikudikira yankho lanu.